Kodi 'ine' amalowa m'malo mwa ndani?

Mwa mitundu yonse ya mawu imene timaphunzitsa pa malamulo a Chichewa, mlowam'malo ndiye ana sachedwa kumugwira. Dzina lake lomwelo likunena ntchito yake. M'malo moti "mbuzi zadya chimanga," unena kuti "izo zadya chimanga." M'malo mobwereza dzina la mfumu kasanu m'ndime imodzi, ungoti "iwo." Mwana wa Fomu 1 akamva kamodzi, pamayeso saphonya.

Pali mlowam'malo mmodzi amene lamuloli limamukanika, ndipo ndi amene timamutchula kuposa onse. Ndikunena "ine." Mawu akuti "izo" ndikhoza kuwachotsa n'kubwezerapo mbuzi, mbuzizo n'kukazigwira kukhola. Nanga ndikachotsa "ine," ndibwezerepo chiyani?

Wina ati ndibwezerepo dzina langa. Chabwino, koma liti? Pali dzina limene agogo anandipatsa mchombo utagwa, ndipo atsala ndi anthu ochepa olidziwa. Pali lobatizidwira, lomwe lili pa dipuloma yanga. Kwa apongozi ndine bambo a uje, potengera mwana wathu woyamba. Ana asukulu amangoti aphunzitsi, pamene pamaliro akuluakulu amandiitana ndi chiwongo. Munthu akalowa ufumu amagona ndi dzina lina n'kudzuka ndi la malume ake amene anatisiya. Mayina amavalidwa n'kuvulidwa, koma wovalayo m'mawa uliwonse amadzuka akuti "ine."

Wina ati ndi thupi. Koma tamverani mmene timayankhulira. Timati "thupi langa" monga momwe timanenera "njinga yanga," ndipo tonse tikudziwa kuti mwini njinga si njinga. Timatinso maganizo anga, nzeru zanga, mtima wanga, moyo wanga, ngakhale mzimu wanga. Chilichonse chimene tingaloze chikusanduka katundu. Mwini katunduyo sakuoneka.

Anthu a ku India analigwira funsoli kalekale, Yesu asanabadwe, m'mabuku awo otchedwa Upanishad. Pakati pa Ahindu pali chiphunzitso chotchedwa Advaita, mawu a chiyankhulo cha Sanskrit otanthauza kuti palibe ziwiri. Amene anachiyala mwadongosolo ndi mphunzitsi wina dzina lake Shankara, yemwe anakhalako cha m'zaka za m'ma 700. Chiphunzitsochi chimati chimene munthu ali pansi penipeni, chomwe amachitcha Atman, ndi gwero la zinthu zonse, lomwe amalitcha Brahman, n'chinthu chimodzi. Ndinene msanga, kuopa kuti nyuzipepalayi ingagwe m'manja mwa abusa anga: ine sindine Mhindu, ndipo Lamulungu lililonse benchi langa kutchalitchi silikhala lopanda munthu. Nkhaniyi ndinakumana nayo powerenga pafoni usiku, ngati munthu wopita kumsika kukagula mchere n'kubwerako atakwapatira nkhuku.

Zolemba za Shankara n'zolimba ngati nyemba zosapsa, ndipo sizimene zinandikopa. Anandikopa ndi mwana wasukulu wina.

Dzina lake anali Venkataraman. Anabadwa pa 30 Disembala 1879 ku Tiruchuzhi, kummwera kwa India. Bambo ake atamwalira mu 1892, anakakhala kwa mbale wa bambo akewo mumzinda wa Madurai, kumene ankaphunzira pasukulu ya amishoni a ku America. Sanali mwana wa mabuku. Ankakonda kusambira ndi masewera olimbana, ndipo ankagona tulo tofa nato moti anzake amene ankamuopa masana ankamumenya ali m'tulo iye osadzuka. Mu Julayi 1896, ali ndi zaka 16, ali yekha m'chipinda cham'mwamba, anagwidwa ndi mantha aakulu akuti akufa. Sankadwala. Sanakuwe kapena kuthamangira kwa akuluakulu. Anagona chagada, n'kuumitsa manja ndi miyendo ngati mtembo, n'kutseka pakamwa, n'kugwira mpweya, kuti aone chimene chimafa munthu akamafa. Malinga ndi zomwe ankafotokoza pambuyo pake, anaona kuti thupi likhoza kunyamulidwa n'kukawotchedwa, monga amachitira kwawoko, koma kudziwa kwakuti "ndilipo" sikunasunthe ngakhale pang'ono. Mantha a imfa anathera pomwepo ndipo akuti sanabwererenso.

Patapita masabata 6, pa 29 Ogasiti, anali akulemba chilango. Mphunzitsi anamuuza kuti akopere katatu phunziro lina la malamulo a Chingelezi. Atakopera kawiri, anakankhira mabuku kumbali n'kukhala duu, maso ali chitsekere. Mkulu wake anamunyogodola kuti munthu wotere akudyeranji za pakhomo. Tsiku lomwelo anapatsidwa ndalama zokwana marupi 5 kuti akalipire fizi ya mkulu wakeyo kukoleji. Anatengapo 3, n'kusiya 2 pamodzi ndi kakalata kopanda siginecha, n'kukakwera sitima. Pa 1 Sepitembala anafika ku Tiruvannamalai, patsinde pa phiri la Arunachala, ndipo sanachokeko mpaka imfa yake pa 14 Epulo 1950. Kwa ife aphunzitsi, ameneyu ndi mwana wosiyira sukulu panjira, wothawanso ndi fizi ya mnzake. Akanakhala wa kalasi langa ndikanaitanitsa makolo. Dziko linadzamudziwa ndi dzina lakuti Ramana Maharshi, limene anapatsidwa mu 1907.

Zaka zoyambirira sankayankhula. Ankakhala m'kachisi, nthawi ina m'kachipinda kapansi kumene tizilombo tinamudya ntchafu iye osamva, kenako m'mapanga a m'phirimo. Mu 1902 munthu wina wogwira ntchito m'boma, Sivaprakasam Pillai, anabwera ndi mafunso, ndipo Ramana ankayankha polemba pamchenga ndi pasileti. Mayankhowo ndiwo anadzasindikizidwa mu 1923 m'kabuku ka Chitamil kotchedwa Nan Yar?, kutanthauza kuti "Ndine yani?" Ndi kabuku kochepa, kotha kuwerenga madzi a tiyi asanawire kawiri.

Mfundo yake, m'mawu anga, ili motere. Chimene timachitcha maganizo si chinthu chimodzi chokhala m'mutu ngati mwala m'thumba. Ndi mtolo wa malingaliro obwera n'kupita, ndipo onse amangidwa ndi luzi limodzi, lomwe ndi ganizo lakuti "ine." Kuti pakhale "andinyoza," "ndili ndi ngongole," "ndikwezedwa liti pantchito," payambe pakhala wonyozedwayo, wangongoleyo, woyembekezerayo. Pamenepa Ramana anayankhula ngati mphunzitsi wa chiyankhulo: anati "iwe" ndi "iye" amatulukira pokhapokha "ine" atatulukira kale. Tsono njira yake inali yakuti ganizo likabwera, usalitsatire kumene likupita, ndipo usalimbane nalo. Ungofunsa kuti labwerera yani. Yankho likhala lakuti labwerera ine. Apo ufunse kuti ineyo ndani, n'kutembenuza maso kuyang'ana komwe akuchokera. Funsoli silifuna yankho la pakamwa. Ankaliyerekeza ndi mtengo wosonkhezera moto wowotchera maliro, umene umatakasa nkhuni zonse, pamapeto pake nawo n'kupsa.

Ukamufufuza choncho "ine" wa nkhawa uja, Ramana ankati sapezeka, amazimirira. Chimatsala ndi kuzindikira. Ndagwiritsa mawu amenewa chifukwa sindikunena chikumbumtima, chija chimatitsutsa tikaba. Ndikunena kuwala kumene kumachititsa kuti chilichonse chidziwike: kulawa kwa mchere, kupweteka kwa dzino, ngakhale kudziwa kuti panopa m'mutu mulibe ganizo. Ankapereka chitsanzo cha chinsalu choonetserapo kanema. Moto ukabuka mufilimu chinsalu sichipsa, madzi akasefukira sichinyowa, koma popanda chinsalucho palibe filimu. Anthu oonera amalira ndi kuseka, chinsalu osachiona chili pamaso pawo. Aphunzitsi akale a Advaita ankanena za chingwe chogona m'njira kachisisira, chimene munthu amachiyesa njoka. Thukuta lake ndi lenileni, liwiro lake ndi lenileni, mwina n'kuthyoka mwendo kumene. Koma njoka sipafunika kuipha. Pafunika nyali.

Azungu nawo anafikapo pamphambano imeneyi, n'kupatukira kwina. René Descartes wa ku France, m'buku lake la 1637, anati akhoza kukayika chilichonse kupatula chakuti wokayikayo akuganiza, choncho alipo. Iye anamanga nyumba ya munthu pa kuganiza. David Hume wa ku Scotland, mu 1739, anati akalowa mkati mwake kukafuna mwini wake amangokumana ndi zomvaimva zodutsa, mwiniyo osamupeza. Ndikawaika atatuwa pamphasa imodzi, ndimaona Ramana akuuza Descartes kuti kukhalapo kumayamba, kuganiza kumabwera pambuyo, ndipo akufunsa Hume kuti amene analowa kukafufuza n'kubwerako chimanjamanja uja anali ndani. Diso likhoza kuona mudzi wonse, lokha osadziona.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti theka la nkhaniyi Chichewa chinalinena kale, ife osatchera khutu. Sitinena kuti ndapanga ganizo monga mmene timaumbira njerwa. Timati ganizo landibwerera. Timati mantha andigwira, mkwiyo unandigwira, tulo tandigwira, chisoni chandigwera, maganizo andichulukira. M'ziganizo zonsezi munthu ndi pamtherankhani, wochitiridwa, ndipo mwininkhani ndi mlendo wochokera kwina. Yesani nokha: kodi mukudziwa ganizo limene likubwerereni mukamaliza ndime ino? Mukanakhala kuti mumawapanga ndinu, bwenzi mukudziwa. Amangofika ngati alendo osatumiza uthenga, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Vuto limayamba mlendo akalanda dzina la mwini nyumba. Pali kusiyana pakati pa "ndalephera mayeso" ndi "ndine wolephera." Chiganizo choyamba chikunena zimene zachitika. Chachiwiri chatenga chochitikacho n'kuchilowetsa m'malo mwa "ine." Ambiri a ife takhalapo pamaliro a munthu amene anadzichotsera moyo, ndipo pofunsana chapansipansi yankho limakhala lakuti "anali ndi maganizo." Timanena zoona kuposa mmene tikudziwira. Munthu amafika poti ganizo limodzi lakula mpaka ladzaza nyumba yonse, iye osathanso kusiyanitsa ganizolo ndi iye mwini, ndipo kuti alithawe amaona ngati njira ndi kudzichotsa yekha.

Zaka zingapo zapitazo mnyamata wina wa pasukulu yathu anachita bwino maphunziro ena onse pa MSCE koma anagwa Chingelezi, ndipo odziwa za mayesowa akudziwa kuti ukagwa Chingelezi satifiketi palibe. Mayi ake anali atagulitsa mbuzi ziwiri kuti amalize Fomu 4. Patatha sabata mayiwo anabwera kunyumba kwanga m'mamawa, nagwada pakhomo.

"Aphunzitsi, mwana wanu uja sakudya. Wangodzitsekera. Mwina inu akumverani."

Ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa nkhokwe. Sanandiyang'ane.

"Aphunzitsi, musavutike nane. Ine ndatha. Ndine chitsiru basi."

Kumutsutsa sikukanathandiza, chifukwa amayi ake ndi amalume ake anali atamutsutsa kale sabata yonse. Ndinamufunsa kuti mawu amenewa anayamba kumubwerera liti. Anati tsiku la zotsatira. Ndinamufunsa ngati analipo dzulo lake, pamene ankasewera mpira kudambo. Anati ayi. Nanga usiku akagona tulo, amakhalapo? Anati akagona amapumako, koma akangotsegula maso amawapeza akumudikira.

"Ndiye kuti amachoka n'kubweranso. Akachoka, iwe umachoka nawo?"

Anatulutsa kampweya m'mphuno, kuseka kosafuna.

"Ayi, ndimatsala."

"Amene amatsalayo, amene akuwamva mawuwa akamabwera, nayenso wagwa Chingelezi?"

Sanayankhe. Anatola kamtengo n'kumajambula pansi nthawi yaitali. Za India sindinatchuleko, ndipo mpaka lero dzina la Ramana salidziwa. Pochoka ndinapatula amalume ake n'kuwauza kuti asamusiye yekha, achotse m'nyumbamo mankhwala onse a mbewu, ndipo mawa lake apite naye kuchipatala akaonane ndi adokotala. Anachitadi zimenezo. Sanachire tsiku limodzi. Panapita miyezi akupalasa kabaza wa amalume akewo asanavomere kulembetsanso mayeso. Mmene ndimaonera ine, funso lija linangotsegula kampata kakang'ono pakati pa mnyamatayo ndi mawu amene ankamudya. Amene analowera pakampatapo n'kumutulutsa anali anthu: mayi wophika phala n'kumadikira pakhomo, malume wobwereketsa njinga, anzake omukokera kumpira.

Apa ndi pamene ine ndi Advaita timayamba kusiyana njira, ndipo ndikufuna ndinene mosabisa, chifukwa zolemba zambiri za nkhaniyi zimangoyamikira ngati zotsatsa malonda.

Kuti ine sindine maganizo anga, ndavomera, poti ndikhoza kudziyesera ndekha madzulo aliwonse. Koma chiphunzitsochi chimalumpha kuchoka pamenepo n'kufika ponena kuti kuzindikira kumene kuli mwa ine, mwa inu ndi mwa mbuzi ija n'kumodzi, sikubadwa, sikufa, ndipo dziko lonseli limangooneka mkati mwake. Mtsinje umenewu ndi waukulu, ndipo mlatho wake sindikuuona. Umboni umene amaukonda ndi wa tulo tofa nato. Amati munthu akadzuka amanena kuti ndagona bwino, sindinamve kanthu, choncho panali wina amene anali maso kuchitira umboni kusamva kanthuko. Koma inetu ndikadzuka n'kupeza pabwalo panyowa ndimadziwa kuti usiku kunagwa mvula, ngakhale sindinaione. Mwina za tulo timazidziwanso motero, poona kuti thupi lapepuka ndipo kunja kwacha. Mnzanga wophunzitsa sayansi amawonjezera kuti dokotala akabaya munthu mankhwala ogonetsa pa opaleshoni, kuzindikira kumazima ngati nyali yothera mafuta, ndipo zikuonetsa kuti kumadalira ubongo. A Advaita amayankha kuti ubongowo, dokotalayo ndi jakisoniyo timazidziwa kudzera m'kuzindikira komweko, ndiye sizingakhale mayi wake. Mkangano umenewu ine ndi mnzangayo tautafuna mpaka tiyi kuzizira, ndipo palibe anagonja.

Chachiwiri ndachiona pakhomo panga. Ramana akuti "ine" amayamba, "iwe" n'kutsatira. Mwana wanga wamkazi atayamba kuyankhula, mawu ake oyamba anali "amama." Kwa miyezi yambiri akafuna madzi ankadzitchula dzina, ngati akunena za mwana wa kwa aneba. "Ine" anabwera mochedwa, ndipo anamuphunzira kwa ife amene tinkamuti "iwe." Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Kwathu kuno munthu sapezeka polowa yekha m'phanga. Amaumbidwa ndi omulera, omulanga, omulirira. Ndikamva kuti umunthu wanga wonse, wa mwana wa uje, mphwake wa uje, bambo a uje, ndi njoka ya pachingwe chabe, mtima wanga umakana. N'zoona kuti ophunzira a Ramana akhoza kuyankha kuti ngati palibe ziwiri ndiye kuti mnzako ndi iwe yemwe, ndipo kumupweteka n'kudzipweteka. Yankholi ndi lokoma. Koma chikondi chimene ndikuchidziwa ine chimafuna awiri, wina wopereka chikho ndi wina wolandira.

Palinso ngozi imene aliyense wodziwa anthu angaione patali. Chiphunzitso chotere chikagwera m'kamwa mwa kamberembere chimasanduka chobisalira. Taganizani munthu atatenga ngongole kubanki m'khonde, tsiku lobweza n'kumauza amayi a gululo kuti anakongola ndi thupi, iye ndi kuzindikira kopanda dzina. Kapena munthu wokhuta kuuza wa njala ya mu Febuluwale kuti njala ndi ganizo lodutsa. Ameneyo ndi wofunika kumulanda mbale. Shankara analiona dzenje limeneli, ndipo anasiyanitsa choonadi chomaliza ndi choonadi cha tsiku ndi tsiku, chimene munthu ayenera kuchilemekeza malinga ngati akudya ndi kumwa. Ngongole ili m'gulu lachiwirili. Ramana naye, ngakhale anathawa kwawo, anthu akamamupempha chilolezo choti asiye ntchito ndi mabanja kawirikawiri ankawaletsa, n'kuwauza kuti chofunika kusiya ndi ganizo lakuti "ine," osati khasu. Iye mwini ankadzuka kusanache kukadula ndiwo zamasamba kukhitchini, ankasoka mbale za masamba zodyerapo alendo, ndipo ankakana chakudya chilichonse chapadera chimene sichinagawidwe mofanana kwa onse. Chotupa cha khansa chitamugwira pamkono wamanzere, madokotala n'kumuchita opaleshoni kanayi osaphula kanthu, ankalolabe anthu kudzamuona mpaka tsiku lomaliza. Zimenezi zimandiuza zambiri za iye kuposa mfundo zake.

Kwa ife a tchalitchi funso limakula. Timaphunzitsidwa kuti Mlengi ndi wina, wolengedwa ndi wina, ndipo pemphero ndi kuyankhulana kwa awiri. Wansembe wina wa Chikatolika wa ku France, Henri Le Saux, anafika ku India mu 1948, n'kukaona Ramana mu 1949. Zimene anaona zinamugwedeza moti m'zaka zotsatira ankapita kukakhala m'mapanga a Arunachala. Sanasiye unsembe, ankachitabe Misa mpaka imfa yake mu 1973, koma zolemba zake zikuonetsa munthu wokokedwa ndi zingwe ziwiri moyo wake wonse. Ine sindinafike pamenepo, ndipo sindikufunako. Ndinatolako chida chimodzi, monga mmene munthu amabwerekera nkhwangwa kwa mnansi wa mpingo wina osasintha mpingo. Usiku malipiro akachedwa, ngongole ya kugolosale ikundiwerengera nsungwi za kudenga, ndimafunsa kuti nkhawayi yabwerera yani. Ngongole siichepa ndi tambala imodzi. Koma ndimapeza kuti pali malo ena mwa ine amene ngongoleyo sinafikeko, ndipo ndikaima pamenepo ndimatha kugona, m'mawa n'kukakambirana ndi mwini golosale ngati munthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Funsoli palibe angakufunsire.

Mbali ya mbiri ya Ramana imene ndimaibwereza kawirikawiri ndi ya amayi ake, a Alagammal. Atamusowa zaka ziwiri, anamva kumene ali, ndipo kumapeto kwa 1898 anapita kukamutenga. Anamupeza ali wakuda ndi litsiro, tsitsi litapotana, atangovala kansalu m'chiuno. Analira pamaso pake masiku angapo, kumudandaulira kuti abwerere kwawo. Iye sanayankhule. Anthu atamuumiriza, analemba papepala mawu ochepa onena kuti zoikika sizisinthika ndipo ndi bwino kukhala chete. Mayiwo anabwerera popanda iye. Ndikafika pamenepa ndimaona mayi uja atagwada pakhomo panga m'mamawa, ndipo Ramana ndimamukwiyira. Mnyamata wa zaka 18 akhoza kukhala ataona kuwala kotani, koma amene akulirayo ndi amene anamunyamula miyezi 9.

Mu 1916 a Alagammal anabweranso, ulendo uno kudzakhala. Ena mwa otsatira ake sanafune kuti mayi azikhala pamalo a anthu odzipatula, koma Ramana sanalole kuti achotsedwe. Anakhala naye zaka 6 m'phirimo, akuphikira gulu lonse. Mwana wawoyo sankawapatsa ulemu wapadera, ndipo nthawi zina ankawaseka pa miyambo yawo ya kusankha zakudya ndi anthu. Pa 19 Meyi 1922 anadwala kwakayakaya. Ramana anakhala pambali pawo kuyambira m'mawa mpaka usiku, dzanja lamanja lili pachifuwa pawo, lamanzere pamutu, kufikira mpweya unatha. Anawaika m'manda patsinde pa phiri. Kwa miyezi yotsatira ankatsika kuchokera kumtunda kumene ankakhala kudzaona mandawo, n'kubwerera. Tsiku lina mu Disembala chaka chomwecho anatsika ndipo sanakwerenso kukagona kumtunda. Pamandapo panali kachisakasa ka udzu basi. Malo amene lero anthu ochokera m'mayiko ambiri amapitako, otchedwa Sri Ramanasramam, anamangidwa mozungulira manda a mayi ameneyo, ndipo mwana wawo anagona pomwepo zaka 27 zotsala za moyo wake.